Amene Ndinawalemba Kuti Anasowa

Ntchito yanga kwathu sanaimvetsebe mpaka lero. Amayi anga akafunsidwa kutchalitchi kuti mwana wanu ku Joni amagwira chiyani, amangoti, "Za makompyuta." Mchimwene wanga amati ndimangojambula timizati tamitundumitundu tsiku lonse, madzulo n'kumati ndatopa. Sanalakwitse kwenikweni. Ndimatenga zolembedwa zambirimbiri za m'detabesi, imene ndi nkhokwe ya m'kompyuta yosungiramo zonse za odwala athu, n'kuzisandutsa tchati choti munthu wotanganidwa achiyang'ane kamodzi n'kumva nkhani yonse. Ndimaikonda ntchito imeneyi, ndipo nthawi imene ndikunenayi ndinkadzimva kuti ndine katswiri.

Ndinkagwira pa kabungwe kakang'ono ka zaumoyo kuno ku Durban. Loweruka lililonse tinkayala matebulo atatu, lina ku Umlazi, lina ku Point, lina ku Sydenham. Anthu odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi ankabwera kudzayezetsa ndi kudzatenga mankhwala a milungu inayi, osataya tsiku la ntchito pa mzere wa kuchipatala chachikulu. Chaka chimenecho imodzi mwa magalimoto athu awiri inafa kotheratu, namwino mmodzi n'kusiyanso ntchito. Akuluakulu a bungwe anati matebulo atatu sitingawakwanitsenso, limodzi litsekedwe. Anati litsekedwe limene anthu ake amangotenga mankhwala kamodzi kawiri kenako n'kusowa. Wowasonyeza tebulo limenelo ndinali ine, ndipo msonkhano wake unali Lachitatu la mlungu wotsatira.

Detabesi inkadziwa tsiku limene munthu aliyense anauzidwa kuti abwerenso, ndi tsiku limene anabweradi. Kutalikirana kwa masiku awiriwo ndiko kuchedwa kwake. Koma simungaike pa tchati kuchedwa kwa munthu aliyense payekhapayekha, chimangooneka ngati nyerere zobalalika pa simenti. Muyenera kuwaika anthuwo m'magulu, ndipo kuti pakhale magulu muyenera kusankha podula. Ine ndinadula pawiri. Amene anachedwa osapitirira mlungu umodzi ndinawapaka zobiriwira. Amene anachedwa mpaka masiku makumi atatu ndinawapaka zachikasu. Onse opitirira pamenepo ndinawapaka zofiira, pansi pake n'kulemba mawu amodzi okha, akuti "anasowa".

Kusankha kumeneku sikunanditengere nthawi. Ndinali ndikudya magwinya, mandasi a kuno, dzanja limodzi lili mafuta okhaokha, lina pa kompyuta. Tchati chitatuluka, nkhani inali poyera. Ku Umlazi ndi ku Point mzati wofiira unali waufupi. Ku Sydenham unali wautali moti wakhungu akanaukhudza. Ndinasindikiza pa pepala labwino, n'kupita nacho kwa abwana anga ndikuyembekeza kuyamikiridwa.

Abwana angawo anali mayi wa ku Umlazi, namwino wakale, ndipo tonse tinkangowatchula kuti Mama. Anali ndi magalasi a chingwe cha m'khosi, ndi chizolowezi chogogoda galasi la kompyuta ndi cholembera chimene chinkandinyansa kwabasi. Ankandiyankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu, n'kumanditchula kuti mntanami, kutanthauza mwana wanga. Tsiku limenelo anachiyang'ana tchati chija nthawi yaitali, kenako anaika cholembera pa malire a zachikasu ndi zofiira.

"Masiku makumi atatuwa anasankha ndani?"

"Ndi mwezi, Mama."

"Ndikudziwa kuti ndi mwezi. Ndafunsa kuti anasankha ndani."

"Pulogalamu inandipatsa, ine ndinaona kuti zili bwino."

"Pulogalamuyo imamwa mankhwala a shuga?" anafunsa motero, osamwetulira n'komwe. "Mntanami, tebulo limeneli ndinaliyala ndekha koyamba. Nkhope za ku Sydenham ndimazidziwa, ndipo ndimazionabe. Kodi anthu osowa amakupatsa moni? Pita ukachotse magulu akowa, undionetse anthuwo asanagawidwe."

Ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, makamaka wina akandikhudza pa sukulu yanga. Ndinabwerera pa mpando wanga ndikung'ung'udza chamumtima kuti mayi amenewa sadziwa ngakhale kutumiza kalata ya pa kompyuta popanda kundiitana, lero akufuna kundiphunzitsa matchati. Ndinaganiza zowachitira zimene anenazo kuti aone okha kuti zikungofanana. Poti matebulo athu ndi a Loweruka lokha, kuchedwa kumayenda m'milungu yathunthu. Choncho ndinafufuta mitundu yanga itatu ija, mlungu uliwonse n'kuupatsa mzati wakewake: wochedwa mlungu umodzi, iwiri, itatu, mpaka kumapeto kwa pepala.

Ku Umlazi mizatiyo inkatsika ngati masitepe, woyamba wautali, wachiwiri wocheperako, mpaka kutheratu. Ku Point chimodzimodzi. Ku Sydenham inayambanso kutsika bwinobwino, koma pa mlungu wachitatu inayamba kukweranso. Inakwera n'kupanga kachulu, kuyambira mlungu wachitatu mpaka wachisanu ndi chiwiri, kenako n'kudukiratu. Kutsogolo kwake kunali mbee, kupatula timadontho towerengeka kutali kumapeto kwenikweni. Mzere wanga wa masiku makumi atatu unali utadula kachulu kaja pakati penipeni, theka n'kukhala lachikasu, theka lofiira.

Koma chachikulu chinali china. Anthu onse a pa kachulu kaja anali ndi tsiku lobwerera, kutanthauza kuti anabwera ndithu, anayezetsa, anatenga mankhwala n'kupitiriza monga kale. Amene sanabwerenso anali timadontho ta kumapeto tija, ndipo anali ochepa. Ine ndinali nditawathira onse m'thumba limodzi, wobwera mochedwa ndi wosabweranso, n'kulimanga kukamwa, n'kulembapo kuti anasowa. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo manyaziwo anakula chifukwa panalibe wina woti ndimuloze chala.

Ndinawaitana Mama. Anagogoda kachulu kaja ndi cholembera, ine osadandaulanso za galasi.

"Eish. N'chifukwa chiyani amachedwa chonchi, onse mofanana?"

"Sindikudziwa, Mama. M'detabesi mulibe."

"Ndiye kuti kompyuta yanena zake, yathera pomwepo. Loweruka upite ukafunse eni ake. Ambiri kumeneko ndi akwanu, adzakuuza zimene ine sandiuza."

Apa ndiyenera kuulula. Zaka zonse zimene ndinakhala ku Durban, Chichewa changa ndinkachisiya m'nyumba ngati zovala zogonera. Amayi akaimba foni ndili mu tekisi, minibasi ya kuno, ndinkaisiya ilire mpaka isiye yokha. Ndinaphunzira Chizulu chokwanira kupereka moni, kupatsira anzanga chenje ndi kuuza dalaivala potsikira, n'kumakhala chete kwinako. Mantha oti angakuzindikire kuti ndiwe mlendo aliyense wa kwathu amawadziwa, ndipo sindichita nawo manyazi. Chimene ndimachita nacho manyazi n'chakuti panalinso kunyada. Ndine mwana wa mphunzitsi wa ku Zomba, wokulira m'kwaya, wobwera kuno ndi mapepala a sukulu. Anthu a ku Mangochi osoka zovala, okhoma mipando ndi onyamula katundu m'masitolo ndinkawaona ngati Amalawi a mtundu wina. Ndikawamva akuyankhula pamsewu ndinkafulumiza mwendo.

Loweruka lija kunatentha kuyambira m'mawa, kutentha kwa chinyontho kwa kuno kumene kumamatitsa malaya kumsana. Tebulo la ku Sydenham linkayalidwa m'chishedi cha malata kuseri kwa malo okhomera mipando, pafupi ndi kanjira kotsikira ku zisakasa. Panali mipando ya pulasitiki, sikelo, ndi namwino wathu atakhala kuseri kwa mabokosi a mankhwala. Pampanda panali apusi awiri akudikira kuti wina aiwale nthochi. Ndinayamba ndi mayi wina wa mpango wakuda, ndikumufunsa m'Chingerezi ngati anayamba wachedwapo kudzatenga mankhwala. Anayang'ana pepala langa, anayang'ana nsapato zanga, n'kuti, "No, sisi, sharp." Wachiwiri anayankha chimodzimodzi. Wachitatu anadzuka n'kukaima panja. Munthu wa pepala ndi cholembera wofunsa kuti unali kuti, kuno sakhala ndi nkhani yabwino.

Pa mpando wa kumapeto panakhala bambo wina wachikulire, wa ndevu zoyera zometedwa bwino, kofiya kumutu, tepi yoyezera zovala ili m'khosi. Anali telala, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anachokera ku Mangochi kalekale, ana ake onse anawaphunzitsa ndi makina osokera. Anandiyang'ana ndikuvutika choncho, kenako anayankhula mokweza, m'Chichewa choyera.

"Mayi, Chingerezi chanucho n'cha ku Zomba kapena ku Blantyre?"

Shedi yonse inaseka, mpaka namwino wathu amene sanamve kanthu. Ndinayang'ana kukhomo kaye, mwachizolowezi, kenako ndinagwada pang'ono pambali pa mpando wawo monga anandiphunzitsira amayi.

"Cha ku Zomba, bambo. Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka, kaya inu. Onani tsopano mwakhala munthu. Tengani mpando, mutiuze chimene mukufuna."

Ndinawaonetsa pepala la mizati lija. Ndinawafotokozera kuti mzati uliwonse ndi mlungu umodzi wochedwa, ndipo kutalika kwake ndi kuchuluka kwa anthu. Ndinkaganiza kuti ndivutika kufotokoza, koma munthu amene wakhala zaka zonse akuwerenga tepi savutika ndi mizere. Anaika chala pamwamba pa kachulu kaja.

"Apa ndi milungu ingati?"

"Isanu, bambo. Apa isanu ndi umodzi. Pothera apa isanu ndi iwiri."

"Kupitirira apo palibe?"

"Palibe."

"Ndiye amenewa ndi amaliro," anatero, ngati akunena kuti kunja kukutentha.

Ndinawapempha kuti andifotokozere, ndipo anafotokoza mosafulumira, ena aja akusendeza mipando kufupi. "Inu a kutchalitchi mumasunga thupi, mumadikira wa ku Joni afike. Ife a kumzikiti ayi. Munthu akatisiya m'mawa, dzuwa lisanalowe tamuika. Foni ikalira kuno, basi yopita kwathu ndi ya mawa lake, panjira masiku awiri kapena atatu. Ukufika kumudzi, manda anakwiriridwa kale, anthu anabalalika. Mayi ako amene anakubereka sunawaone nkhope, sunaponyepo dothi. Ndiye ugone masiku awiri n'kubwerera, ngati unabwera kudzaona mbuzi? Umadikira arubaini."

"Arubaini ndiye chiyani, bambo?"

Mayi wa mpango wakuda uja, amene anandikana poyamba, anaseka n'kugwira pakamwa. "Koma a ku Zomba! Mangochi ndi patali ngati ku Ulaya?"

"Musamuseke, akuphunzira," anatero atelala aja. "Ndi sadaka ya tsiku la makumi anayi, mwana wanga. Abale onse amasonkhananso, timapemphera, timadya limodzi, nkhani za pabanja timazimaliza. Kwa ife a kutali, maliro athu enieni ndi amenewo. Ikatha, masiku awiri atatu kutsanzika, kenako kukwera basi. Si onse amene amatha kudikira, ena mabwana awo salola, enanso amati mwambowu si wofunika. Koma amene angathe amakhala."

Ndinawerengera chamumtima ndili pompo. Masiku makumi anayi, kuwonjezapo otsanzika ndi a panjira. Amene anachoka atangotenga kumene mankhwala amapezeka kuti wachedwa milungu itatu. Amene foni inamupeza tsiku lake lili pafupi amachedwa isanu ndi iwiri. Kupitirira apo palibe, chifukwa sadaka yatha ndipo ntchito ikudikira. Kachulu kanga konse kanali pamenepo, kuyambira poyambira mpaka pothera. Ndinakulira mtunda wa maola ochepa kuchokera kwawo kwa anthu amenewa, koma zinatengera tchati cha ku Durban kuti ndimve za mwambo wawo.

Atelala anatulutsa khadi lawo la mankhwala m'thumba la malaya, lokutidwa bwino m'pulasitiki. Anandionetsa malo awiri pamene masiku anadumpha. "Apa ndi amayi anga. Apa ndi akulu anga." Kawiri konseko ine ndinali nditawapaka zofiira.

"Nanga mankhwala akatha muli kumudzi mumatani?"

"Timapemphana. Akasowa timangokhala. Mutu ukamapweteka timati ndi maliro omwewa."

"Bwanji osauza anamwino musananyamuke?"

"Foni imalira Lachiwiri, basi ndi ya Lachitatu, inu mumabwera Loweruka. Komanso tinkaopa kuti mukamva zoti tapita kwathu mutifufuta m'buku, muziti amenewa abwerera kwawo." Anabweza khadi lija m'thumba, kenako anatsitsa mawu. "Tamva mphekesera kuti pano mukufuna kutseka. N'zoona?"

Ndinalephera kunama. Ndinati akuluakulu akambirana Lachitatu.

"Mukawauze chonchi. Kuchipatala chachikulu ndinapitako. Umafika kusanache, umachoka dzuwa litapendeka, tsiku la ntchito lapita. Ukafika pawindo, ukangotsegula pakamwa, wa kumbuyo kwako wayamba kale kufunsa kuti iwe ndiwe wa kuti. Ine ndakalamba, ndikhoza kupirira. Koma ambiri mwa awa sadzapitako. Adzangosiya kumwa, tidzamva kuti wina wagwa pa makina."

Lolemba ndinafika ku ofesi ndi changu cha munthu wofuna kukonza zimene anawononga, ndipo changu chimenecho chinatsala pang'ono kundilakwitsanso. Ndinangosuntha mzere uja kuchoka pa masiku makumi atatu kupita pa makumi asanu, zonse za m'munsi mwake n'kuzipaka zobiriwira. Sydenham inasanduka dimba. Ndinathamanga nacho kwa Mama, n'kuwafotokozera zonse za arubaini.

Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Kenako anatenga pepala latsopanolo n'kulitembenuza chafufumimba pa tebulo.

"Sabata yatha unawanamizira kuti anasowa. Lero ukuwanamizira kuti ali bwino. Munthu wa shuga amene wakhala milungu isanu ndi umodzi osamwa mankhwala ali bwino? Ndinaikapo anthu otere pa machira, mntanami. Usandikometsere tchati chifukwa wapeza abale. Dula pamene anthuwo asiyana okha, ndipo gulu lililonse ulitchule dzina loona."

Ndinapsanso mtima, koma ulendo uno kwa mphindi zochepa. Ndinakhala pansi n'kuyang'ananso mizati ya milungu ija, osafunanso manambala okongola. Podula panali pakuoneka pokha. Panali potsika pakati pa mlungu wachiwiri ndi wachitatu, pamene masitepe amathera ndipo kachulu kamayambira. Panalinso mpata waukulu wopanda munthu kuseri kwa mlungu wachisanu ndi chiwiri. Ndinadula m'malo amenewo, n'kupatulanso amene sanachedwe n'komwe. Magulu anakhala anayi: obwera pa nthawi yake, ochedwa pang'ono, ochoka nthawi yaitali n'kubweranso, ndi amene sanabwerenso. Lachitatulo sindinalipake zobiriwira kapena zofiira, ndinalipatsa mtundu wa buluu, kuti woyang'ana afunse kaye asanaweruze. Magulu omwewo ndinawagwiritsa ntchito pa matebulo onse atatu, kuti pasakhale kukondera. Zitatero zinaoneka kuti amene sanabwerenso ku Sydenham sanali ochuluka kuposa kwina kulikonse.

Lachitatu ndinalowa m'chipinda cha msonkhano. Ndinayamba ndi tchati changa choyamba chija, cha mzati wautali wofiira, n'kunena kuti ichi ndinapanga ndine ndipo n'cholakwika. Mawu amenewo anandiwawa potuluka, koma atatuluka ndinapepukidwa. Kenako ndinaonetsa mizati ya milungu, kenako magulu anayi aja, n'kufotokoza za maliro ndi tsiku la makumi anayi. Mmodzi wa akuluakuluwo, bambo wochenjera amene sankakonda nthano, anandidula.

"Mlungu watha mzere unali apa, lero uli apa. Mawa mukausunthanso mudzatiuza nkhani ina. Tikhulupirire chiti?"

Funso lake linali labwino, ndipo ndikanakhala ine wa mlungu wapitawo ndikanalusa. Ndinabwezeretsa mizati ya milungu ija, yopanda mtundu uliwonse. Ndinati musakhulupirire mzere wanga, yang'anani apa pamene palibe munthu. Mpata umenewu sindinaupange ine. Mzere woyamba ndinauika pamene panandikomera, wachiwiriwu ndauika pamene anthuwo anasiya malo. Bambo aja anayang'ana kwa kanthawi, n'kufunsa Mama ngati n'zotheka kuwapatsa anthu otere mankhwala okwanira ulendo wonse asananyamuke. Mama anati akhala akudikira funso limenelo kuyambira Lolemba.

Tebulo la ku Sydenham silinatsekedwe. Sindinganene kuti zonse zinatha bwino, chifukwa galimoto inali imodzi yomweyo. Anagwirizana kuti la ku Point, limene linali pafupi ndi kiliniki ina, liziyalidwa kawiri pa mwezi m'malo mwa mlungu uliwonse, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko kuli anthu amene zinawavuta. Koma anakhazikitsa lamulo latsopano. Aliyense amene wamva uthenga wa kumudzi akhoza kubwera ku ofesi tsiku lililonse la ntchito, namwino amuyeze, amupatse mankhwala a milungu isanu ndi itatu. M'detabesi ndinawonjezeramo kabokosi kolemba kuti munthuyu ali pa ulendo, ndipo tsiku lake lobwerera lizisunthidwa. Loweruka lotsatira ndinapita ndekha kukalengeza zimenezi m'shedi muja, m'Chichewa, atelala akumasulira m'Chiyao kwa amene ankafuna kumva kawiri.

Ndikayang'ana m'mbuyo, ndimathokoza anthu awiri amenewa kuposa aphunzitsi ambiri amene anandipatsa masatifiketi. Mama akanatha kungotenga tchati changa choyamba n'kupita nacho ku msonkhano, kapena kundichititsa manyazi pamaso pa akuluakulu. Anandibweza kawiri konse, mwakachetechete, m'chipinda chawo chitseko chili chotseka. Atelala akanatha kundisiya ndizungulire ndi Chingerezi changa mpaka nditope. Mpaka lero, ndisanadule gulu lililonse, kaya ndi la zaka za anthu kaya la kutalika kwa ulendo, ndimayamba ndayang'ana zinthuzo zisanagawidwe, kenako ndimafunsa wina amene akuwadziwa eni ake. Zimachedwetsa ntchito, ndipo anzanga ena amandiseka kuti ndimakonda kuyendayenda.

Patapita miyezi ingapo, m'mawa wina wa Lachinayi, mlonda wa pa ofesi anabwera kudzandiuza kuti pakhomo pali madala ena akufuna "mtsikana wa ku Zomba". Ndinawapeza atelala ataima ndi chikwama chaching'ono cha ulendo. Nkhope yawo inandiuza ndisanafunse.

"Mayi a kunyumba atisiya dzulo," anatero. "Anawaika dzulo lomwelo. Basi ikunyamuka masana."

Ndinawagwira dzanja ndi manja awiri. Ndinawalowetsa kwa namwino, anawayeza, n'kuwapatsa mabokosi awiri m'malo mwa limodzi. Ine ndinakhala pa kompyuta n'kudinda kabokosi kaja pa dzina lawo. Anali munthu wachinayi kapena wachisanu kukagwiritsa ntchito, sindikukumbuka bwino. Ndinawaperekeza mpaka pokwerera tekisi, anandiuza kuti ndibwerere ku ntchito.

Anabwerera patapita milungu isanu ndi iwiri. Kumapeto kwa mwezi umenewo ndinapanga tchati monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinawafunafuna. Sanali pa buluu, sanali pa ochedwa. Anali m'gulu la obwera pa nthawi yake, pakati pa anthu ena onse, chifukwa anafika tsiku lenileni limene tinawalembera. Aliyense woyang'ana tchaticho akanangoona mwezi wabwino ku Sydenham. Ndinakondwa, chifukwa n'zimene tinkafuna, komabe mtima unandiwawa kuti maliro a mkazi wa munthu sanasiye ngakhale kadontho.

Choncho nditamva kwa namwino tsiku limene adzabwerenso, ndinakwera tekisi kupita ku Sydenham kukawapepesa pamaso. Ndinawapeza pa mpando wa kumapeto, ataonda pang'ono, akudikira sikelo. Ndinakhala pambali pawo, tinapatsana moni, ndinapepesa, anayankha monga mwa mwambo. Kenako ndinawafunsa za mankhwala.

"Mankhwala aja anakwanira, bambo?"

"Anakwanira, mwana wanga, anatsalako a masiku angapo. Sindinadumphitse ngakhale tsiku limodzi, ndi tsiku la sadaka lomwe ndinamwa." Anapukuta kumaso ndi kansalu, n'kuyang'ana foni yawo yakale imene inali m'manja. "Zaka zonsezi, m'mawa uliwonse mayi a kunyumba aja akachoka kopemphera, ankandiimbira kuchokera kumudzi kundifunsa ngati ndamwa. Tsopano ndikuphunzira kukumbuka ndekha."